Nyimbo ya Esinati Inaima pa Kalavati

Inu amene mumati mizimu imathawa magetsi, pa Nathenje simunafikepo. Kankhirani chikunicho mkati, utsi ukundilowa m'maso, mumve zimene zinamuonekera Yotamu Gwaza, wothira nyimbo m'mafoni uja, amene kashopu kake kanatsamira chigayo ngati kaledzera.

Yotamuyo pa za kompyuta anali katakwe. Sukulu ya ukachenjede anangoilawa ku Lilongwe n'kubwerako asanaimalize, koma kamene anatolako kanakwanira kudabwitsa Nathenje yense mpaka ku Kamphata. Amati akakhala pa laputopu yake, zala zinkathamanga mpaka mabatani kuchita thukuta. Amatinso anadzutsapo foni imene inagona m'chitsime dzinja lathunthu, ndipo itayaka chinthu choyamba inapempha bulangete. Zimenezo mukafunse eni ake. Chimene aliyense anachiona ndi maso n'chakuti mnyamatayu anapanga yekha pulogalamu yoimbira nyimbo pa kompyuta, n'kuitcha Kaligo. Dzinalo linaikhala, chifukwa monga kaligo ali ndi nsambo imodzi, nayonso inali ndi batani limodzi lokha, lolembedwa kuti Imba. Ukalidina nyimbo inkayamba, ndipo pansi pake kadontho kofiira kankayenda pa kamzere kuchokera kumanzere kupita kumanja, pang'onopang'ono ngati nyerere yosenza nyenyeswa. Kadonthoko kakafika kumapeto, ndiye kuti nyimbo yatha. Poimitsira panalibe. Osati mwa nzeru ayi, ulesi basi.

Ndi Kaligo ameneyu, ndi chisipika chimodzi chakuda, Yotamu ankaitanidwa m'maukwati, m'zinkhoswe, ngakhale m'maliro.

Tsono Yotamu anali ndi mchemwali wake, Esinati, amene anamulera makolo awo atamwalira iye akadali wa mamina. Esinati ankagulitsa tomato pamsika, koma chimene ankadziwika nacho ndi kuyambitsa nyimbo za maliro. Mawu ake, abale inu! Akatsegula kukamwa mbuzi zinkasiya kudya, oledzera n'kuvula zipewa. Kumudzi kwawoko, kufupi ndi dambo, ali ndi kachitidwe kawo. Mtembo ukanyamuka pakhomo, nyimbo imodzi yokha ndi imene imauperekeza mpaka kumanda, ndipo nyimboyo sidulidwa. Amati womwalira amakhala mlendo, njira saidziwa, amangotsata nyimbo. Ikadukira panjira, iye amaima pomwepo. Esinati lamulo limenelo ankalisamala kuposa maso ake. Chifuwa chimkwere, mvula imugwe, nyimbo ankafika nayo.

Chaka china chifuwa chinamugwira zenizeni, chija chosamva mankhwala. Anaonda mpaka chitenje kumuzungulira kawiri. Tsiku lina masana anatulukira pa kashopu kaja atafunda ambulera yake yakuda yothyoka nthiti imodzi, imene sankaisiya kaya ndi dzuwa kaya ndi mvula.

"Yota, chida chakochi chimagwira mawu a munthu?"

"Chimagwira, achemwali. Mukufuna kutulutsa chimbale? Tikujambuleninso chithunzi mutasenza tomato."

"Useke bwino, mano amenewo ndinawalera ndine." Anakhala pa mpando n'kudikira kuti mpweya ubwerere. "Ndaperekeza anthu a mudzi wonse uja. Nanga ine adzandiperekeza ndani? Nankhoma? Mnzanga ndithu, koma amayambitsa nyimbo ngati akuitana nkhumba kuti zidzadye gaga."

"Musayankhule zimenezo, inu."

"Ndayankhula kale. Ndiimba ndekha nyimbo yanga. Uisunge, usaimvere ndili moyo. Tsikulo udzadine kamodzi, uisiye ithe yokha. Chili ndi poimitsira chimenechi?"

"Chilibe."

"Ndiye chili ndi nzeru kuposa mwini wake. Yatsa, utuluke. Sindiimba munthu akundisuzumira m'kamwa."

Yotamu anamuikira maikolofoni, anayatsa chojambulira, n'kutuluka. Ankati aime pakhomo pompo. Koma patsidya pa msewu, pa chiwaya cha tchipisi, panali mkangano wa mpira, ndipo Yotamu mkangano wa mpira sankaupitirira. Anapita kuti akangoponyapo liwu limodzi. Liwulo linabala linzake. Pamene ankabwerera mithunzi inali itatalika. Anapeza mpando uli wokha, Esinati atapita, chojambulira chitatopa n'kuima chokha. Anasunga mawuwo osawamvera, monga analonjezera. Mawa lake atapita kukapepesa, mchemwali wakeyo anangoti, "Ndinakuzolowera."

Batani lachiwiri linabwera chifukwa cha bambo Gwetsani, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo uliwonse m'deralo. Bamboyu ankakonda kuyankhula kuposa kudya, ndipo kudya ankakukonda kwambiri. Pa chinkhoswe china anaimirira kuti alengeze za njinga imene inatseka njira, nyimbo ili pakati. Anakweza dzanja, nyimbo osaima. Anatsokomola, nyimbo osaima. Anafuula mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, anthu n'kumayesa kuti akuimba nawo, mpaka amayi ena kumufupa.

M'mawa mwake anafika pa shopu atakwinya nkhope.

"Mphwanga, wailesi ili ndi pozimitsira. Njinga ili ndi mabuleki. Ngakhale mayi a kunyumba kwanga amapumirako. Chako chokhachi ndiye chosaima? Ukapanda kuikapo poimitsira, pa mwambo wanga usadzapondeponso."

Yotamu anaikhalira pansi ntchitoyo. Pambali pa Imba anajambula kabatani kena, kokhala ndi timizere tiwiri toimirira ngati mizati ya pageti, n'kulembapo kuti Imitsa. Kuimitsa kokhako sikunamuvute. Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti Kaligo azikumbukira pamene waimira, kuti ukadinanso nyimbo ipitirire pomwepo, osabwerera poyambira. Analimbana nacho mpaka chinatheka, ndipo anachita kupyola muyezo. Ngakhale uzimitse laputopu, ngakhale batire ithe, ngakhale magetsi apite kwawo kukalima, kadontho kofiira kaja kankadikira pamalo pake osasuntha. Anachinyadira chinthu chimenecho. Anthu ankabwera kudzaonerera iye akugwira oimba pakati pa liwu, n'kuwamasula, n'kuwagwiranso.

Ananyamula laputopuyo kukamuonetsa Esinati, amene nthawi imeneyo sankadzukanso pamphasa. Anaika nyimbo ya kwaya ina, ndipo woimba atangokweza mawu, anadina. Zii.

"Mwaona, achemwali? Ndamugwira."

Esinati anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali.

"Nanga pamenepo akupuma bwanji?"

"Sapuma. Ndi mawu chabe, mulibe munthu umu."

"M'masule, Yota. Ndikubanika ine."

Anamumasula akuseka. Esinati sanaseke nawo.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Tsiku loika maliro, sipika anaimangirira pa njinga ya Sikelo, wakabaza wamfupi wolongolola, mnzake wa Yotamu wa pa chiwaya paja. Sikelo ankakankha njingayo patsogolo pa bokosi, Yotamu ali pambali, laputopu atainyamula chitsegulire ngati mbale ya chopereka. Bokosi litangotuluka pakhomo, anadina Imba.

Mawu a Esinati anatuluka ali bwinobwino, ngati mwini wake waima pakati pawo ndi ambulera yake. Amayi ena anakhala pansi ndi kulira. Panalibe munthu pagululo amene mawu amenewo sanamuperekezerepo m'bale. Anayenda, amayi akuvomera chapansipansi, fumbi likukwera.

Njira ya kumanda imatsikira ku dambo, n'kuwoloka pa kalavati wa simenti, kenaka n'kukwera mpaka ku msitu. Atafika pa kalavatipo, m'nyimbo muja Esinati anamaliza ndime n'kukoka mpweya kuti ayambe ina. Maikolofoni ija sinabise kanthu. Kunamveka kukoka kwa chifuwa chodwala, kolira ngati chitseko chadzimbiri, komwe kuja Yotamu ankakumva masiku omaliza atakhala pambali pa mphasa wopanda chochita. Mtima unamuthawa. Sanaganize n'komwe. Chala chinapita chokha pa timizere tiwiri tija.

Zii.

Ngakhale mbalame za m'bango zinakhala chete. Adzukulu onyamula bokosi anadzandira, ndipo mmodzi wa iwo anadzanena pambuyo pake kuti si kulemera kumene kunawadzandiritsa ayi. Bokosilo linapepuka. Linangoti pepu, ngati munthu watsikamo.

"Yota!" ananong'ona Nankhoma, mnzake wa malemu uja, akumukoka malaya. "Chatani?"

"Batire yatha," anatero Yotamu osamuyang'ana, n'kutseka laputopu.

Nankhoma anayambitsa msangamsanga nyimbo ina ndi mawu ake oitanira nkhumba aja, amayi anavomera, gulu linakwera mtunda. Bokosi linaikidwa. Bambo Gwetsani anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Anthu anabalalika akunena kuti zinthu za magetsi sizodalirika.

Atabwerera pa shopu, Yotamu anatsegula laputopu. Batire inali yodzaza. Kadontho kofiira kanali chiimire pakati pa kamzere, monga anakaphunzitsira. Anakayang'ana. Kumanja kwake kunali kamzere kosayendedwa, ndipo m'menemo munali mawu a mchemwali wake amene khutu lake linali lisanawamvepo. Zovala zake achibale anagawana. Pamsika pamalo pake panakhala wina. Chatsopano chimene chinatsala cha Esinati padziko lonse lapansi chinali kachidutswa kameneko. Akakamvera, katha. Ndiye anaganiza zokasunga, ngati mmene munthu amasungira mbewu pa tsindwi, osaidya ngakhale njala ilume.

Choyamba kudabwitsa anthu chinali tambala wa mwini chigayo. Tambala ameneyu anali wamwano, ankadzutsa anthu mpaka midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Anayamba kulira theka. Kokoliri... basi, n'kuima khosi lili m'mwamba, maso ali tong'o, ngati wina wam'gwira pammero. Anthu anaseka, ankati wameza mtedza wosasenda.

Kenaka zinalowa m'kashopu. Magetsi akathima masana, chigayo n'kuleka phokoso, Yotamu ankamva kumbuyo kwake, cha pa mpando uja, munthu akukoka mpweya. Kukoka kokha. Ankadikira kuti autulutse, koma osautulutsa. Ankadikirabe, mpaka kuzindikira kuti nayenso wasiya kupuma, m'maso mwayamba kuda. Akacheuka, mpando uli wokha. Anautulutsa panja mpandowo. Kukokako kunatsala mkati.

Makasitomala nawo anayamba kuchepa. Munthu ankalowa akuyankhula bwinobwino, n'kuima pakati pa nkhani, n'kumasisita pachifuwa. "Muli kutentha muno," ankatero, n'kukadikirira foni yake panja.

Mvula itayamba, ambulera ija inasowa. Pogawana katundu palibe amene anaifuna chifukwa cha nthiti yothyokayo, ndiye Yotamu anaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko cha shopu. Tsiku limene kunagwa mvula yoyamba yamphamvu, anapeza loko ali chitsekere, msomali uli wokha.

Sipanapite nthawi, Sikelo analowa m'shopumo atanyowa, n'kukhala pa kireti osanena kanthu. Sikelo kukhala chete chinali chodabwitsa kuposa tambala uja.

"Aise," anatero potsiriza, "njira ya ku dambo ine ndaisiya."

"Matope?"

"Matope ndi anzanga. Pali mayi pa kalavati paja."

"Ndiye um'nyamule. Si ntchito yako?"

"Ndinaima dzulo chakumadzulo. Ndinaliza belu. Ndinati, tiyeni mayi, mvula iyi. Osayankha. Waima m'mbali mwa njira, wayang'ana kumtunda, kumsitu kuja. Nkhope sindinaione, ambulera yatsika. Koma mapewa, aise. Mapewa ali m'mwamba chonchi, ngati munthu amene akuti ayambe kuyankhula. Ndinadikira kuti ayambe, mpaka ine mutu kuyamba kuzungulira. Lero m'mawa ndadutsanso. Ali pomwepo, mapewa ali momwemo. Ambulerayo ndi yothyoka nthiti imodzi."

"Maambulera othyoka ndi ambiri pa Nathenje."

"Eya, ndi ambiri," anatero Sikelo, maso ali pa msomali uja.

Atachoka, Yotamu anatsegula Kaligo. Chala chinafika pamwamba pa batani, n'kuima pomwepo. Panja mvula inkawomba malata. Anaganiza za munthu woima m'mvula. Anaganizanso za kamzere kakumanja kaja katatha. "Mawa," anatero, n'kutseka. Mawa litafika ananenanso chimodzimodzi.

Chimene chinathetsa mawa wakeyo ndi maliro ena a m'mudzi womwewo. Nankhoma anafika pa shopu asanavule n'komwe duku loyera la kumaliro, miyendo ili matope okhaokha. Moni sanapereke.

"Batire ija inachira?"

"Ikuyesera, amayi."

"Ine si mayi ako. Amene anali mayi ako ndi uja wam'siya pa dambo ngati thumba la makala lodikira lole." Anatseka chitseko ndi chidendene. "Lero tafika paja ndi maliro a bambo Zakeyu, nyimbo ili bwinobwino. Tonse tinakoka mpweya pamodzi, ndipo palibe amene anautulutsa. Amayi onse aja kukamwa yasa, ngati nsomba za pamsika. Pakadapanda Nasoko wogontha uja, amene amatsalira m'mbuyo nyimbo iliyonse, n'kumaimbabe yekha liwu limene ife tinalidutsa kale, bwenzi pano paima awiri."

Yotamu anatembenuza laputopu kuti mayiyo aone. Nankhoma za kompyuta sankazidziwa, koma kadontho koima pakati pa njira anakamva msanga.

"Ndikadina, itha," anatero Yotamu.

"Nanga ankaimbira kuti isathe?"

"Simukundimva. Uku," analoza kumanja kwa kadonthoko, "sindinakumvepo. Ndi kokhako kamene sananenebe. Kakatha, ndiye kuti wapita."

Nankhoma anamuyang'ana, ukali n'kuyamba kumutsika. Anakhala pa kireti paja, navula duku, n'kulipinda pa bondo.

"Anapita kale, Yota. Chimene wagwira iwe si iye, ndi mpweya wake. Munthu uja chifuwa chinamuzunza ali moyo, ndiye iwe um'banitsenso atafa? Mvula yonse yagwayi ali chiimire. Miyendo ija unaiona mmene inatsalira."

Yotamu anaphimba nkhope ndi manja. Kumbuyo kwake, pamene kale pankakhala mpando, kukoka kuja kunamveka. Nankhoma anakumva. Sanacheuke, koma dzanja limene linagwira duku linauma.

"Nyamula sipika," anatero chapansipansi. "Kusanade."

Sikelo anavomera movutikira. "Ine ndingokankha njinga, maso anga pa tayala. Chikachitika chilichonse, njingayo ndi yanu, ine mudzandipeza ku Dedza."

Anafika pa dambo mvula itangosiya, dzuwa likulowa kuseri kwa mitambo. Madzi ankasefukira pansi pa kalavati. Panalibe munthu. Paliponse panali matope, koma m'mbali mwa njira panali malo ozungulira, aakulu ngati lichero, ouma gwa, fumbi lake la chilimwe likadalipo. M'mphepete mwa malowo madontho ankagwa mozungulira, ngati akutsetsereka pa nsalu, pamene pamwamba pake panalibe kanthu koma thambo. Mbali imodzi ankagwa mothamanga kuposa kwina.

Sikelo anayang'anadi tayala. Milomo yake inkayenda yokha.

Yotamu anatsegula laputopu. Kadontho kanali pomwe paja. "Achemwali," anatero. Anadina.

Mpweya uja unatuluka n'kukhala nyimbo. Unatuluka mwamphamvu moti bango linawerama, achule onse a m'dambo n'kuyambira pamodzi ngati nawonso anali atagwidwa. Onse atatu anapuma kamodzi, osadziwa kuti anali atasiya.

"Tiyeni," anatero Nankhoma. "Osacheuka."

Anakwera mtunda, Sikelo patsogolo ndi njinga, Yotamu pambali, Nankhoma akuvomera nyimbo chapansipansi, ndipo tsiku limenelo mawu ake sanali oipa. Kumbuyo kwawo matope ankalira. Phwa. Kenaka kanthawi. Phwa. Kuyenda kwa munthu wotopa, woti waima nthawi yaitali miyendo mpaka kuchita dzanzi. Yotamu anachepetsa liwiro, ndipo Sikelo osauzidwa anachepetsanso. Kamphepo kakabwera kuchokera kumbuyo, kankanunkhira masamba a tomato.

Gawo limene Yotamu ankalisunga lija linali kutha pamaso pake, kadontho kakulidya pang'onopang'ono. Chala chinamuyabwa. Anachipinda n'kuchiluma.

Esinati njira imeneyo ankaidziwa ndi chifuwa chake. Nyimboyo anaiyeza, ndipo inakathera ndendende pa mtengo woyamba wa msitu wa manda. Atatu aja anaima pamenepo, poti kumanda salowako popanda maliro. Mapazi aja nawo anaima, pafupi, kumbuyo kwa Yotamu.

Koma kadontho kanali kasanafike kumapeto. Kanatsala pang'ono.

M'sipika munamveka mpando ukulira, kenaka chifuwa. Kenaka mawu a Esinati, osati oimba, oyankhula wamba, a tsiku lija masana.

"Yota! Ndatha. Bwera uzimitse."

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka chigayo, ndipo chapatali anyamata akukangana za mpira. Pakati pawo panali kuseka kumodzi kokwera kuposa kwa onse. Yotamu anakuzindikira.

"Yota!"

Kusekako kunapitirira.

"Mwana ameneyu." Chifuwa chinamugwira nthawi yaitali. "Ndimati ndikuuze kanthu mpweya ukadalipo. Kaya. Seka, mwana wa amayi, seka."

Kadontho kanafika kumapeto n'kuima. Masiku onse aja Yotamu anakhala pambali pa mphasa, Esinati kanthuko sanakanene, ndipo iye sanadziwe kuti pali chofunsa. Anaima chilili, misozi ikugwera pa mabatani.

"Yota."

Sikelo amalumbira mpaka lero kuti dzanja lake linali pa sipika, ndipo sipikayo sinanjenjemere. Mawuwo anachokera pafupi, cha kuseri kwa phewa la Yotamu, otsika, opanda ukali.

"Bwera uzimitse. Ndatopa ine."

Yotamu anayang'ana Kaligo. Panali Imba, panali Imitsa. Pozimitsira panalibe, sanaganizepo zoikapo. Ndiye anaika chala pa batani la laputopu yeniyeniyo, lija loyatsira.

"Ndabwera, achemwali," anatero. "Ndachedwa, koma ndabwera."

Anakanikiza osachotsa chala, mpaka kuwala konse kunathima.

Pakati pa iye ndi Nankhoma panadutsa kupuma kwautali, kwa munthu amene watula katundu pakhomo. Kunalowa m'mitengo, masamba n'kugwetsa madzi awo motsatana, kulowera mkati, mkati, mpaka zii. Atayang'ana pa tsinde la mtengo woyamba uja, anaona ambulera yakuda itapindidwa bwinobwino, yonyowa, yotsamira ngati mwini wake walowa m'nyumba. Yotamu anatambasula dzanja.

"Isiye," anatero Nankhoma. "Wagwira zokwanira."

M'mawa mwake tambala wa pa chigayo analira kokoliriko wathunthu, n'kuonjezera ndi zotsalira zonse za masiku aja, moti amati anamaliza anthu atabwerako kumunda. Malo ouma a pa kalavati ananyowa ngati pena paliponse. Sikelo anayambiranso kudutsa njira ya ku dambo, ngakhale kuti pamenepo amaliza belu popanda woti am'patuke.

Patapita nthawi Yotamu analimba mtima n'kutsegula mawu aja. Kwa nthawi yoyamba Kaligo anali ataiwala, kadontho kali poyambira. Anadina Imba. Kunamveka chigayo. Kunamveka ntchentche ikuzungulira maikolofoni. Chapatali kunamveka anyamata a pa chiwaya, ndi kuseka kuja, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Esinati munalibe. Nyimbo, chifuwa, kuitana, zonse anapita nazo. Yotamu anamvera mpaka kumapeto osaimitsa, ndipo sanafufute.

Batani la Imitsa lilipobe, bambo Gwetsani amalengeza nalo za njinga m'maukwati. Koma Yotamu anakonza kuti nyimbo ikakhala ya maliro, timizere tiwiri tija tizizilala, ndipo ngakhale udine ndi chigongono sitimva. Bambo Gwetsani anadandaulapo, iye anangowayankha kuti batani limenelo pa maliro limadwala.

Pa chiwaya sapitanso. Mpira amaumvera patali. Ndipo mukadzafika pa Nathenje mudzamuyese nokha. Mudzaime panja pa kashopu kotsamira chigayo kaja, kaya iye ali pakati pa ntchito, kaya chakudya chili m'kamwa, mudzangoyamba kuti, "Yo..."

Dzinalo simudzalimaliza. Adzakhala ataima kale pakhomo.